Katundu akangoponda mtunda, msonkho: zomwe ndatola pa nkhani ya Quelimane ndi Chinde

Semesita ino tili ndi kosi ya mbiri ya nthawi ya atsamunda, ndiye aphunzitsi anatigawira mitu kuti aliyense akafufuze nkudzafotokozera kalasi, ine nkundigwera wa mikangano ya Angelezi ndi Apwitikizi pa mtsinje wa Zambezi ndi Shire. Kunena zoona ndinanyansidwa nazo. Anzanga atenga Chilembwe, ena za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ine andipatsa za kasitomu ndi masitima, mumtimamu ndinkangoti kodi za msonkho nazonso ndi mbiri? Koma pano ndi sabata yachitatu ndikungokhalira kuyang'ana mapu a Mozambique ngati ndikufuna kusamukirako.

Masiku oyamba palibe chomwe chinkalowa. Ndinkawerenga kuti a ku London ankati Zambezi ndi njira ya aliyense, a ku Lisbon nkumati ayi mtsinjewo ndi wathu, makalata kumangopita uku ndi uku, koma osamvetsa kuti nanga bwanji Mngelezi ndi mphamvu zake zonse zija ankangolipirabe msonkho kwa Mpwitikizi. Zinadzatseguka tsiku lomwe ndinasiya kuloweza madeti nkutenga pepala kujambula njira yomwe katundu ankadutsa.

Njira yake inali iyi. Sitima yochoka ku Ulaya inkafika pa doko la Quelimane, ndiye Quelimane sali pa Zambezi penipeni ayi, ali pa mtsinje wina wotchedwa Kwakwa. Katundu ankatsitsidwa pamenepo, a kasitomu a Chipwitikizi nkumusecha, kenako nkumupakira m'mabwato kukwera Kwakwayo masiku angapo, madzi akathera amtengatenga nkusenza pamutu kuyenda wapansi mpaka kukafika pa Zambezi, apo ndiye nkukwezanso sitima yaing'ono ya nthunzi kulowa mu Shire mpaka kwa Katunga ku Chikwawa, poti kumtunda kwake kuli mathithi sitima singadutse, nkusenzanso pamutu kukwera mapiri kupita ku Blantyre. Mwaona pomwe pali nkhani? Kaya unene kuti mtsinje ndi wa aliyense, katunduyo waponda kale nthaka ya Mpwitikizi kawiri asanawone nkomwe madzi a Zambezi, ndiye mwini nthaka akati tsegula bokosi umatsegula basi. Kunali njira ina ya Kongone, amodzi mwa mathiriro a Zambezi m'nyanja ya mchere, komwe Livingstone analowera mu 1858 komanso komwe amishoni analumikizira zidutswa za sitima yoyamba ya Ilala mu 1875, koma polowera pake panali mchenga ndi mafunde oopsa, si poti munthu wa bizinezi nkumadalira mwezi ndi mwezi.

Yemwe ankamva kuwawa kwambiri ndi African Lakes Company, kampani ya ku Glasgow yoyendetsedwa ndi abale awiri John ndi Frederick Moir, yomwe ife timangoidziwa kuti Mandala chifukwa cha magalasi a John. Zinafika poipa nkhondo ya ku Karonga itayamba mu 1887, pomwe a kampaniyi ankalimbana ndi Mlozi, wamalonda a akapolo. Ankafuna mfuti, wonga ndi zipolopolo, zonsezo zidutse pa Quelimane, Apwitikizi nkumazigwira kapena kuzichedwetsa. Ndiye mu 1888 anachita kugwira sitima yeniyeniyo ya kampani, James Stevenson, nkunena kuti sitima yoyenda m'madzi awo ikhale ya Mpwitikizi ndipo ikweze mbendera ya Portugal. Lord Salisbury, yemwe anali nduna yaikulu ya Britain komanso ndi amene ankayendetsa zakunja, anakana kutumiza asilikali ku Nyasa koma pa nkhani ya mtsinje yokha sanagonje, anaumirira kuti Zambezi ndi msewu wa mayiko onse.

Apa mpomwe ndinayamba kuwamvetsako Apwitikizi, ngakhale mabuku ambiri omwe tili nawo mu laibulale analembedwa ndi mbali inayo. Anthuwa anali ku Sena ndi ku Tete kuyambira zaka za m'ma 1500, ndiye abwere a ku Scotland dzulodzuloli nkumadutsitsa mfuti pakhomo pawo kupita kudera lomwe iwo ankaliwerengera kuti ndi lawo, pa mapu awo aja opaka pinki olumikiza Angola ndi Mozambique. Aliyense akanasecha.

Zinthu zinatembenuka mu 1889. Daniel Rankin, wa ku Scotland, analengeza kuti pali polowera pena potchedwa Chinde pomwe sitima yochoka pa nyanja ya mchere ikhoza kulowa mu Zambezi osatsitsa kanthu pamtunda. Mabuku amati anatulukira, ine ndimaseka, ngati kuti asodzi a kumeneko ankadikira mzungu kuti adzawauze komwe madzi awo amathira. Koma pa malamulo chinali chinthu chachikulu zedi, chifukwa tsopano mawu aja oti mtsinje ndi wa aliyense anapeza miyendo. Chaka chomwecho Harry Johnston, atasankhidwa kukhala kazembe wa Britain ku Mozambique, analowera dala pa Chinde pomwepo pa sitima yankhondo ya HMS Stork, kuti aliyense aone kuti zatheka ndipo palibe wa kasitomu yemwe wafunsidwa.

Kuchoka apo zinathamanga. Johnston anakumana ndi Mpwitikizi Serpa Pinto ali ndi gulu lake la asilikali kumunsi kwa Shire nkumuchenjeza kuti asaoloke Ruo, John Buchanan yemwe ankagwirizira ukazembe ku Blantyre nkulengeza kuti dziko la Amakololo ndi mapiri a Shire zili pansi pa chitetezo cha Britain, mu November anthu a Mlauli, mfumu ya Amakololo, atanyamula mbendera za Britain nkumenyana ndi asilikali a Serpa Pinto, ambiri nkuphedwa, Apwitikizi nkuoloka Ruo kufika mpaka kwa Katunga. Pa 11 January 1890 Salisbury anatumiza chenjezo lomaliza ku Lisbon kuti chotsani asilikali anu apo ayi kazembe wathu achoka. Portugal inagonja, koma anthu kumeneko anakwiya koopsa, boma linagwa, ndipo nyimbo ya fuko lawo yomwe amaimba mpaka lero inapekedwa chaka chimenecho chifukwa cha mkwiyo womwewo. Izi zinandidabwitsa, kuti nkhani ya pa Chiromo inakagwetsa nduna ku Ulaya. Pangano loyamba la mu August 1890 aphungu a ku Portugal sanalivomereze, Angelezi nkulowetsa sitima ziwiri zamfuti mu Zambezi, Herald ndi Mosquito, mpaka pa 11 June 1891 anasainirana lenileni. M'menemo analemba kuti Zambezi ndi Shire ndi zotseguka kwa sitima za mayiko onse, kuti katundu wongodutsa m'dziko la Apwitikizi asalipitsidwe kuposa 3 peresenti kwa zaka 25, malire nkukhala pa Ruo. Angelezi anapatsidwanso kamalo pa Chinde ka lendi ya zaka 99, kotchingidwa ndi mpanda, komwe katundu wa ku Nyasaland ankatsitsidwa nkupakiridwa m'sitima za mumtsinje popanda wa kasitomu kugwirapo.

Tsono chomwe chikundisowetsa mtendere, ndipo ndi chomwe ndikufuna ndikanene kukalasi, ndi mawu oti kuteteza zombo za kuno omwe ali pa mutu womwe anandipatsa. Za kuno zake ziti? Makalata onsewa akukamba za sitima za Mandala ndi za amishoni. Koma katundu wambiri ankayenda ndi mabwato opalasidwa ndi Asena ndi Amang'anja, nkhuni zoyendetsera sitima za nthunzizo ankadula ndi anthu a m'mbali mwa mtsinje, ndipo palibe ndime ya pangano yomwe inalembedwa poganizira bwato la munthu wa ku Nsanje. Komanso mtsinjewo unali ndi eni ake ena omwe sanaitanidwe ku Lisbon. Amakololo omwe anabwera ndi Livingstone nkukhazikika ku chigwa, monga Kasisi, Chipatula, Katunga ndi Maseya, ndi amene ankalamula kuti ndani adutse pa Shire. Mu 1884 mzungu wina George Fenwick atapha Chipatula, anthu a Chipatulayo anamupha nayenso nkumiza sitima ya Mandala ya Lady Nyassa, njira nkutsekeka. Ndiye kuti pa mtsinje umodzi panali zipata ziwiri, cha Mpwitikizi kumunsi ndi cha mafumu kumtunda, koma cha mafumucho m'mabuku chimalembedwa ngati chipwirikiti, cha Mpwitikizi nkumatchedwa nkhani ya ukazembe. Patangopita zaka zisanu anthu omwewo ndi amene anapatsidwa mbendera kuti Britain ipeze ponenera kuti tikuteteza anthu athu.

Nditawauza aphunzitsi zimenezi anangoti chabwino koma usaiwale madeti, mayeso safunsa maganizo ako okha. Zoona ndithu, ndiye ndalemba madetiwo pa kakhadi.

Chinde nayenso sanakhalitse. Madzi ankangodya gombe la kamalo ka Angelezi kaja chaka ndi chaka, nyumba kumasunthidwa, Shire nayenso kumaphwa moti sitima zinkakanika kufika kumtunda, njanji nkuyamba kulanda ntchito, ya Port Herald (Nsanje ya lero) kufika Blantyre mu 1908, kenako ya ku Beira mu 1922, chaka chomwenso namondwe anaphwasula Chinde. Lendi ya zaka 99 ija inathetsedwa mu 1923. Mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa mu 1935 nkhani ya masitima a mumtsinje inali itatha basi.

Dzulo ndikufotokozera bambo anga pa foni za zonsezi, anandidula pakati nkuti iwe, si zomwe zinachitika nthawi ya Bingu zimenezo? Ndinali nditaiwaliratu. Mu October 2010 pa mwambo wotsegulira doko la Nsanje kunabwera a Mugabe ndi a Rupiah Banda, anthu kudikira chombo chonyamula feteleza chomwe chimayenera kukwera Zambezi nkulowa mu Shire, koma sichinafike, akuluakulu a ku Mozambique anachigwira pa Marromeu, ati kafukufuku woona ngati njirayo ingatheke komanso za chilengedwe anali asanachitike. Ndinatsegula mapu anga ojambula pamanja aja kuyang'ana Marromeu, ali pa Zambezi pomwepo kumtunda pang'ono kwa Chinde, kumunsi kwa dera lomwe amtengatenga ochoka ku Kwakwa ankadzatulira katundu. Ndawonjezapo kadontho kofiira, Lachinayi ndikajambula mapu onsewo pa bolodi ndisanatchule deti ngakhale limodzi.