Lipoti la ulendo wathu wa ku Blantyre wa ku Scotland ndi New Lanark

A Wapampando, akuluakulu ndi mamembala nonse, ulendo umene tinagwirizana kuti tidzayende ana akatsekera sukulu mu Okutobala unathekadi, ndipo tonse tinapita ndi kubwerako bwino.

Tinayambira ku Blantyre, mphepete mwa mtsinje wa Clyde, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813. Ana athu ambiri sankadziwa kuti Blantyre wa kwathu, amene amishoni a Church of Scotland anakhazikitsa mu 1876, anatenga dzina kukatawuni kameneka. Nyumba imene anabadwiramo, Shuttle Row, ikadalipo ngati malo oonetsera mbiri yake, ndipo banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi: kuphika momwemo, kugona momwemo. Mnyamatayo anayamba ntchito pafakitale ya thonje ali ndi zaka 10, ankalumikiza ulusi woduka kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, kenako n'kupita kusukulu. Ana athu, amene amadandaula tikawatuma kutsuka mbale, anangoti kukamwa yasa. Chimene chinandikhudza ine n'chakuti nyumbayi tsopano imafotokozanso za anthu akuda amene ankayenda naye, monga Susi ndi Chuma, amene ananyamula mtembo wake atamwalira ku Africa mu 1873 mpaka kukafika nawo kugombe la nyanja yamchere. Pamenepa tinakhalitsa, ndipo mpake.

M'mawa mwake tinalowera ku New Lanark, mudzi wa mafakitale a thonje umene UNESCO inauika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 2001. Kumeneko Robert Owen, amene ankayendetsa mafakitalewo, analetsa kulemba ntchito ana osafika zaka 10, n'kuwatsegulira sukulu. Titatuluka tinatsata kanjira ka m'nkhalango kopita kumathithi a Corra Linn. Masamba anali atasanduka ofiira ndi achikasu, akuyoyoka paliponse, ndipo madzi ankachita kulindima chifukwa cha mvula. Kukongola kwake musanene. Koma kanjirako kanali koterera, moti amayi achikulire ena amene anavala nsapato za kutchalitchi anabwerera panjira. Zinandimvetsa chisoni, chifukwa ndalama anasonkha mofanana ndi tonsefe.

Pokonzekera chaka chamawa, ndikupempha kuti tisamapanikize malo ambiri. Nyengo imeneyi dzuwa silichedwa kulowa, makamaka akabweza mawotchi m'mbuyo ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Okutobala. Pofika 5 koloko kumakhala kutayamba kuda. N'chifukwa chake ku Bothwell Castle, nyumba yakale ya malinga, sitinafikeko, ngakhale kuti ndi pafupi kwambiri ndi Blantyre. Minibasi ndi malo ogona tizilipiriratu mu Ogasiti mitengo isanakwere, ndipo komiti izilengeza poyera za majekete a mvula ndi nsapato zolimba. Tikuthokoza amayi amene anatiphikira mpunga, nkhuku ndi mandasi a panjira. Msungichuma adzapereka lipoti la ndalama pamsonkhano ukubwerawu.