Mmene Ndinakonzera Pepala la Zofuna Zanga Pokachira Kuchipatala

Mimba yanga itakwana miyezi 7, ndinayamba kulemba papepala zimene ndinkafuna kuti zichitike pa nthawi ya matenda, pochira, ndiponso m'maola oyamba mwana akabadwa. Chimene chinandichititsa n'chakuti mayi amene ululu wamugwira sakhala ndi mpata wofunsa mafunso kapena kusinkhasinkha zimene wauzidwa, komanso azamba amene amamulandira m'chipinda chochirira nthawi zambiri sakhala omwe ankamuona kusikelo. Sindinadikire mwezi womaliza chifukwa, ngakhale tsiku loyembekezera limawerengedwa pa masabata 40, mwana wobadwa kuyambira pa masabata 37 amatengedwa kuti wakwana masiku, ndipo ena amabwera nthawi imeneyo isanafike n'komwe.

Ndisanalembe chilichonse, ndinapita ndi mafunso kwa azamba a kusikelo kuti ndidziwe zimene chipatalacho chimachita kale ndi zimene sichingathe. Ndinafunsa ngati amalola wondiperekeza kulowa nane, ngati chipinda chochirira ndi cha munthu mmodzi kapena cha amayi angapo olekanitsidwa ndi makatani, mankhwala ochepetsa ululu amene amapezeka, ngati dokotala wogonetsa odwala amakhalapo usana ndi usiku, ndiponso kumene amatumiza mayi kapena mwana zinthu zikavuta kuposa mmene iwo angathere. Mayankho awo anachotsa zambiri zimene ndinali nazo m'mutu: zina chipatalacho chinkachita kale kwa mayi aliyense, ndipo zina zinali zosatheka kumeneko, choncho kuzilemba kukanangodzaza pepala. Kenako ndinawerenga malangizo a chisamaliro cha mayi pobereka amene bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, linatulutsa mu 2018. Anandilimbitsa mtima, pakuti zinthu zingapo zimene ndinkaopa kuti zimveka ngati kuvuta zinapezeka kuti ndi zomwe bungwelo limalimbikitsa.

Pamwamba pa pepala ndinaikapo zaumoyo wanga: tsiku loyembekezera, gulu la magazi, mankhwala amene ndinkamwa, ndi mankhwala amene thupi langa siligwirizana nawo. Magazi anga ndi a Rhesus negative, choncho ndinalemba m'zilembo zazikulu kuti magazi a mwana ayezedwe, ndipo akapezeka a Rhesus positive ndibayidwe jakisoni wa anti-D pasanathe maola 72. Jakisoni ameneyu amaletsa thupi la mayi kupanga asilikali olimbana ndi magazi a ana amene angadzabwere pambuyo pake. Zonsezi zinali kale m'buku langa la kusikelo, koma mzere umodzi woonekera umawerengedwa msanga kuposa buku lamasamba ambiri.

Nkhani ya wondiperekeza inanditengera nthawi kuposa mmene ndinkayembekezera. WHO imalimbikitsa kuti mayi aliyense akhale ndi munthu amene wamusankha yekha pa nthawi yonse ya matenda ndi pochira, koma chipatala changa chinkalola munthu mmodzi yekha m'chipindamo. Ndinasankha mchemwali wanga wamkulu, amene anabereka kale, sachita mantha ndi magazi, ndipo amatha kufunsa funso mwaulemu koma osalisiya mpaka litayankhidwa. Amuna anga tinagwirizana kuti akhale pafupi ndipo foni yawo ikhale yotsegula, ndiponso ndinalemba dzina lawo monga munthu woti afunsidwe ngati ine nditakomoka kapena kulephera kulankhula. Apa ndinasiyanitsa bwino ntchito ziwirizi, chifukwa wondiperekeza sali pamenepo kuti azindisankhira zochita. Ntchito yake ndi kundisisita msana, kundipatsa madzi, kukumbutsa azamba zimene ndinalemba, ndi kundibwerezera mwapang'onopang'ono zimene dokotala wanena. Malinga ngati ndili maso ndipo ndikumva, chilolezo cha chilichonse chochitika pathupi langa chimachokera kwa ine. Tinakhala pansi ndi mchemwali wangayo n'kuwerenga pepala lonse limodzi mpaka atadziwa chifukwa cha mfundo iliyonse. Ndinawonjezerapo kuti ophunzira uzamba atha kukhalapo, koma aliyense wofuna kundiyeza adzitchule kaye ndi kupempha.

Za nthawi ya matenda ndinalemba mwachidule. Ndinapempha kuti ndiziloledwa kuyendayenda ndi kusintha kakhalidwe m'malo mogona chagada nthawi yonse, ndiponso kumwa madzi ndi kudya pang'ono, zimene zimaloledwa kwa mayi amene mimba yake ilibe chiopsezo. Ndinapempha kuti kuyeza njira kusachitike pafupipafupi popanda chifukwa. Malangizo aja amati kuyeza pa maola 4 aliwonse n'kokwanira matenda akalimba, ndiko kuti khomo la chiberekero likatseguka masentimita 5 kupita ku 10. Mtima wa mwana ndinapempha kuti uzimvedwa nthawi ndi nthawi, osati kundimangirira lamba wa makina mpaka mapeto, pokhapokha pakaoneka chokayikitsa. Pa kuswa nsupa ndi kuika dripi yofulumizitsa matenda sindinakane, koma ndinalemba kuti andiuze kaye chifukwa chake, ubwino wake, kuopsa kwake, ndi chimene chingachitike tikadikira pang'ono. Mafunso amenewa ndinawaloweza, ndipo mchemwali wanga anawalowezanso.

Pamene ndinavutika kwambiri ndi pa mankhwala ochepetsa ululu, chifukwa munthu amene sanachirepo sadziwa malire a kupirira kwake. Azamba anandifotokozera njira zimene zilipo. Zopanda mankhwala ndi monga kupuma mozama ndi modekha, kusisitidwa msana, ndi kuthowa ndi nsalu yofunda. Jakisoni wa pethidine amachepetsa ululu koma saumaliza, amachititsa tulo ndi mseru, ndipo akaperekedwa mwana ali pafupi kubadwa angachititse kuti mwanayo avutike kupuma bwino. Jakisoni wa pamsana wotchedwa epidural ndiye amachotsa ululu kwambiri, koma amafuna dokotala wogonetsa odwala, amatha kutsitsa kuthamanga kwa magazi, kawirikawiri amachititsa kuti mayi akhale pabedi ndi dripi komanso kapaipi ka mkodzo, ndipo nthawi yokankha mwana imatha kutalikirapo. Nditamva zonsezi ndinalemba kuti ndiyamba popanda mankhwala, koma ndikapempha andipatse zimene zilipo ndi zoyenera pa nthawiyo, ndipo wina asandikumbutse kuti ndinkafuna kupirira. Mawu omalizawa ndinawalembera mchemwali wanga makamaka. Ndimaona kuti pepala lotere limasanduka msampha ngati mayi walemba motsindika kuti sadzalandira mankhwala alionse, kenako n'kumachita manyazi kusintha maganizo ululu utafika pachimake.

Za pochira penipeni ndinapempha kuti ndisankhe kakhalidwe kamene ndikumva nako bwino, kaya kugwada, kugona cham'mbali kapena kukhala chotsamira, ndiponso kuti ndizikankha thupi likandiuza kutero. Ndinalemba kuti munthu asakanikize mimba yanga ndi manja pofuna kutsitsa mwana, chinthu chimene WHO siilimbikitsa. Kudula kowonjezera njira ndinalemba kuti kusachitike mwachizolowezi chabe, koma pokhapokha pali chifukwa chenicheni, monga mwana akafunika kutuluka mwamsanga kapena pakafunika chipangizo chomukokera, ndipo ngati pali kusoka andibaye kaye mankhwala ochititsa dzanzi.

Pali zinthu ziwiri zimene ndinavomereza mosazengereza. Choyamba ndi jakisoni wa oxytocin amene mayi amabayidwa akangobereka, amene amathandiza chiberekero kumangika, nsengwa kutuluka, ndi kuchepetsa kutaya magazi. Mayi akataya magazi okwana mamililita 500 kapena kuposerapo m'maola 24 atachira, amatengedwa kuti wataya magazi ochuluka, ndipo vutoli ndi limodzi mwa zimene zimapha amayi ambiri padziko lonse. Chachiwiri ndi kuikidwa magazi ngati kutafunika. Mayi amene ali ndi chifukwa chokanira magazi ayenera kukambirana ndi dokotala miyezi idakalipo, kuti achipatala akonzekere njira zina, osati kudzanena ali kale pabedi. Pa chingwe cha mchombo ndinapempha kuti adikire mphindi yosachepera imodzi asanachimange ndi kuchidula, kuti magazi otsala mu nsengwa apite kwa mwana, zimene zimamuwonjezera ayironi m'miyezi yoyamba. Ndinavomereza kuti mwana akabadwa osapuma ndipo afunika kuthamangira naye pa tebulo lomuthandizira, lamuloli lisiyidwe.

Gawo la opaleshoni ndinkalizengereza chifukwa sindinkafuna kuliganizira, koma azamba anandiuza kuti ndi limene amayi ambiri amalisiya, pamene ndi nthawi imene zinthu zimathamanga kwambiri ndipo mafunso amasowa malo. Ndinalemba kuti ngati n'kotheka andibaye pamsana kuti ndikhale maso, m'malo mondigonetsa tulo. Andionetse mwana akangotuluka. Amuike pachifuwa panga mwamsanga mmene zingathekere. Ndipo ngati ine sindingathe, bambo ake amufungatire pachifuwa pawo. Ndinalembanso kuti mwana akatengedwa kupita ku nazale, bambo ake amutsatire, mchemwali wanga atsale ndi ine, ndipo andithandize kufinya mkaka kuti mwanayo azipatsidwa wanga. Mwana akabadwa masiku asanakwane kapena wochepa thupi, ndinasonyeza kuti ndine wokonzeka kumusamalira mwa njira ya kangaru, yomusunga pachifuwa khungu ndi khungu nthawi yaitali kuti azimva kutentha.

Za mwana wobadwa bwino ndinalemba motsatana ndi mmene zimachitikira. Amupukute, amuike pachifuwa panga khungu ndi khungu, atifunditse tonse awiri, ndipo akhale pamenepo ola loyamba lathunthu. Kuunika kwa Apgar, kumene dokotala wa ku America Virginia Apgar anayambitsa m'zaka za m'ma 1950, kumachitika pa mphindi 1 ndi mphindi 5 poona kugunda kwa mtima, kapumidwe, mphamvu za thupi, kuchitapo kanthu akakhudzidwa ndi maonekedwe a khungu, ndipo kungachitike mwana ali pa ine. Kumuika pa sikelo ndi kumuyeza mutu kungadikire. Ndinapempha thandizo loyamwitsa m'ola loyambalo, kuti alandire mkaka woyamba wachikasu uja, umene umatuluka wochepa koma umamuteteza ku matenda, ndipo ndinalemba kuti asapatsidwe madzi kapena mkaka wam'chitini popanda kundifunsa. Jakisoni wa vitamini K ndinamuvomereza, pakuti ana amabadwa ndi vitamini ameneyu wochepa ndipo kuchepako kungayambitse kukha magazi, ngakhale mu ubongo. Mankhwala a m'maso ndi akatemera oyamba ndinavomerezanso, nditafunsa kuti ndi ati amene amaperekedwa pobadwa, chifukwa ndondomeko imasiyana dziko ndi dziko. Kusamba ndinapempha kuti kudikire maola 24 kuti mwana asazizidwe, ndiponso kuti azigona m'chipinda chimodzi ndi ine usana ndi usiku.

Nditamaliza, zolembazo zinali zitatalika kwambiri. Ndinapita nazo kusikelo, ndipo azamba anaziwerenga ndi cholembera m'manja, nkumachotsa zimene chipatala chimachita kale ndi kundifunsa kuti pa zotsalazo ndi ziti zimene zingandipweteke mtima zitapanda kuchitika. Zinatsala zokwana tsamba limodzi, mfundo iliyonse m'chiganizo chachifupi, ndipo zofunika kwambiri ndinazilemba mzere kunsi: wondiperekeza, kufunsidwa ndisanachitidwe chilichonse, mwana pachifuwa panga, ndi jakisoni wa anti-D. Pamwamba ndinaikapo chiganizo chonena kuti izi ndi zofuna zanga zinthu zikamayenda bwino, ndipo moyo wanga kapena wa mwana ukakhala pachiswe achipatala achite zoyenera n'kundifotokozera mwamsanga mmene angathere. Tsamba limodzi ndinaliika m'buku la kusikelo, lina m'chikwama chopita nacho kuchipatala, lina kwa mchemwali wanga, ndipo ndinalijambulanso pafoni.

Matenda atayamba ndipo titafika, mchemwali wanga anapereka pepalalo pamodzi ndi buku. Azamba amene anatilandira analiwerenga ataimirira, n'kundifunsa funso limodzi lokha lokhudza magazi anga. Ndinayendayenda kwa nthawi yaitali monga ndinafunira, koma kenako njira inasiya kutseguka. Dokotala anafotokoza kuti chiberekero sichikumangika mwamphamvu, ndipo analangiza dripi. Mchemwali wanga anafunsa za kudikira, anayankhidwa momveka, ndipo ndinavomera. Kuyambira pamenepo mtima wa mwana unafunika kuunikidwa pafupipafupi, choncho kuyendayenda kunatha, ululu unakula, ndipo ndinapempha jakisoni amene ndinkaganiza kuti mwina sindidzamufuna. Njira sinadulidwe, ngakhale ndinang'ambika pang'ono n'kusokedwa. Mwana anaikidwa pachifuwa panga chingwe chisanadulidwe, ndipo anayamwa ola lisanathe.

Mzere womaliza wa pepalalo unali wokhudza kutuluka m'chipatala. Mayi amene wachira bwino amayenera kukhalabe m'chipatala maola osachepera 24, ndipo ndinapempha kuti ndisanatuluke wina aone mmene ndikuyamwitsira ndi kundiuza zizindikiro zoti ndibwerere nazo mwachangu. Anandiuza kuti kwa ine ndi kutaya magazi ambiri, kutentha thupi, mutu waukulu ndi kusaona bwino, kutupa ndi kupweteka kwa mwendo, kapena chikazi chonunkha. Kwa mwana ndi kukana kuyamwa, kupuma mofulumira kapena movutikira, kutentha kapena kuzizira thupi, kukomoka, chikasu chooneka tsiku loyamba, ndi mchombo wofiira kapena wotuluka mafinya. Magazi a mwana anapezeka a Rhesus positive, ndipo jakisoni wa anti-D ndinabayidwa ndisanachoke. Tinakambirananso za kulera, ndipo masiku obwera kudzaonedwa, lina pakatha masiku atatu mwana atabadwa, lina pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndi lina pakatha masabata 6, analembedwa m'buku langa ndi la mwana.