Mayi anati ndi kamvuluvulu: mawu anga othokoza

Lachisanu lapitali ndinaimirira pamaso pa akuluakulu a yunivesite kufotokoza kafukufuku wanga wa PhD, ndipo ndakhoza. Ndisanapume, ndilore ndithokoze.

Ndiyambe ndi inu, Mayi. Nditakuuzani pa foni kuti ndikufufuza kanthu kozungulira m'kati mwa maginito, munati ameneyo ndi kamvuluvulu. Munalondola. Asayansi amamutcha skyrmion, potengera dzina la Tony Skyrme wa ku Britain. Ndi wamng'ono kwambiri moti mukhoza kundandalika mazanamazana pa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Anaonekera koyamba mu 2009 ku Munich, mu manganese wosakaniza ndi silicon, koma pankafunika kuzizira koposa -240°C. Pofika 2016 anali atapezeka pa kutentha kwa m'nyumba wamba, m'timapepala topyapyala ta platinum ndi cobalt tosanjikizana. Timeneti ndi timene ndakhala ndikusanja zaka zinayi, pofuna kuti mawa kompyuta izidzasunga zinthu ndi magetsi ochepa: pamene pali kamvuluvulu ndi 1, pamene palibe ndi 0.

Kumupanga sikunandivute kwambiri. Chinandiliza ndi kumuyendetsa. Ukamukankha ndi magetsi sayenda mowongoka, amakhotera m'mphepete mwa kanjira n'kuzimiririka, kapena amakodwa pa kachilema kosaoneka ndi maso. Miyezi yambirimbiri inatha chonchi.

Ndiye chaka chachitatu Bambo anatisiya.

Abale a kumpingo kuno, munasonkha ndalama ya ndege usiku umodzi wokha kuti ndikafike pamaliro. Sindinapemphe, munangomva. Aphunzitsi anga, munandiuza kuti ndikalire kaye, ntchito idikira, ndipo inadikiradi. Achimwene osamalira makina mu labu, pampu yochotsa mpweya itafa munabwera Loweruka, n'kukhala nane mpaka mdima. Dzina lanu silili pachikuto cha bukuli, koma popanda manja anu sibwenzi kalikonse katasanjika.

Anzanga a mu labu, tsiku lija kamvuluvulu anayenda koyamba mpaka kumapeto kwa kanjira, munasiya zanu n'kudzaunjikana pa sikirini yanga. Ndikuthokozani.

Bambo a kunyumba, munalera mwana nokha masiku amene ndinkabwera mbandakucha, osadandaula. Mulungu akudalitseni.

Mayi, ndikubwera mu Disembala. Chithunzi cha kamvuluvulu wanu ndasindikiza kale, ndipo tikapita limodzi kumanda kwa Bambo ndili nacho m'manja.