Tatsegula wekishopu yathu, mawindo akale tibweretsereni

Abale anga lero ndiye tatsegula wekishopu yathuyathu kuno ku Bath ku England, zomapalira matabwa mu galaja ya eni ake zija zatha basi. Ambiri mumandifunsa kuti kodi ukalipentala wa mawindo okhaokha munthu nkudyerapo? Eya, mtauni ngati ino zimatheka.

Mukadzafika pa Royal Crescent mudzaone nokha. Nyumba 30 zogundizana mumzere umodzi wokhota ngati uta, anajambula ndi John Wood the Younger ndipo anayamba kumanga mu 1767 ndi mwala wachikasu wakonkuno. Kutsogolo kuli zipilala 114 zofanana ndendende, koma tazungulirani kuseri mukaseke, aliyense wogula gawo lake ankamanga kumbuyoko mmene wafunira, madenga ena aatali ena aafupi, mawindo ali balala. Mzere wonsewu ndi wotetezedwa ndi lamulo pa Grade I, gulu lapamwamba kwambiri la nyumba zakale zotetezedwa, ndiye olo nyumbayo ikhale yako windo sungangolizula nkuikapo la pulasitiki, pamafunika chilolezo. Mzaka za m'ma 1970 mayi wina wa pa nambala 22 anangopenta chitseko chake penti yachikasu nkhani mpaka inakafika kwa nduna, anawina koma atatuluka thukuta.

Ife ntchito yathu ili pamenepo, m'nyumba zakale zamtunduwu. Mawindo ake ndi aja okwera ndi kutsika, mkati mwa felemu mumabisala zitsulo zolemera zomangirira ku chingwe, chingwe chikaduka windo limagwa ngati likufuna kukudula zala. Timachotsa powola pokhapo, kulumikiza thabwa latsopano, kubwezeretsa galasi lakale lomwe lija loti ukayang'aniramo msewu umaoneka ngati ukugwedezeka. Galasi limenelo likasweka kupeza lofanana nalo ndi ntchito, nchifukwa chake anyamata anga amalinyamula atasiya macheza.

Koma tinalira ndithu chaka chomwe bambo ena otigulitsa matabwa anatipatsa osauma bwino, akulumbira kuti ndi ouma. Kutangozizira mawindo onse a nyumba ina anapindika osatsekeka, tinabwereza ntchito yonse ndi ndalama zathu, iwo foni osayankhanso. Aja tinkawapempha ngongole nawo anati bizinesi yokonza zakutha ilibe tsogolo, moni kwa inu mabwana, tikadalipo.

Zikomo mayi a kunyumba, munapirira fumbi la penti pa sofa osandithamangitsa. Zikomo madala amene munandiphunzitsa kukanda pati, phala lomatira galasi pawindo, mumakalipa koma mumadziwa ntchito. Anyamata anga, anzanga a kutchalitchi munandibwereka galimoto, makasitomala amene munatidikira nthawi ya mavuto ija nkutiuziranso anzanu, Mulungu akudalitseni nonse.

Ndiye ngati windo lanu likukakamira, likulowetsa mphepo kapena lawola mmunsi, musadikire dzinja. Tilembereni ku inbox, kudzaona ndi ulere, ndipo mapepala opemphera chilolezo timakuthandizani kulemba.