Bafa la mkamwini

Mwezi wa Okutobala kuno ku Chigwa cha Shire munthu umasamba, n'kuyamba kutuluka thukuta usanavale n'komwe malaya. Kutentha kumeneku ndi kumene kunandipatsa nzeru yoipa.

Kuseri kwa khola la apongozi anga, chakufupi ndi Nchalo, kunali bafa lachitsulo, lija lalitali ngati bwato lomwe azungu amagonamo posamba. Malemu apongozi aamuna analigula kalekale pa okushoni, koma palibe anasambiramo. Linali lomwera mbuzi. Madzi a pamjigo wathu ndi amchere, ndiye paliponse pomwe penti inasupuka chitsulo chinayamba kudyeka. Namondwe wa Freddy atadutsa mu 2023 bafalo linakwiririka m'matope, ndipo titalifukula pansi pake panali dzimbiri lokhalokha ndi tizibowo titatu.

Ine ndine mkamwini, ndipo mkamwini ayenera kuonetsako kuti ali ndi mutu, osangoti kumaliza nsima ya mapira. Ndinalengeza pakhomo kuti bafalo ndilikonza.

Ku Nchalo mnyamata wina wowongola magalimoto anandilangiza bwinobwino: pala dzimbiri ndi burashi ya waya ndi sandipepala mpaka chitsulo chiwale, mata mabowo ndi bodefila, paka pulayimala yofiira ija, kenako penti yopyapyala kawiri, uzidikira iume. Pulayimala ndinaisiya m'sitolo momwemo, ndalama yake ndinamwera zoziziritsa kukhosi.

Kupala kunanditengera masiku awiri. Bodefila amasakaniza ndi kamankhwala ka m'kachubu koumitsa, ndipo anandiuza kuti ndithire kadontho ngati nyemba. Ndinaganiza kuti chochuluka ndiye cholimba, ndinafinya theka la chubu. Ndi dzuwa lathu lino, ndisanafike pa bowo lachitatu zonse zinali zitauma gwa m'mbale, supuni itaima chilili pakati. Mbaleyo inali ya alendo. Mayi a kunyumba sanalankhule, anangoiyang'ana, n'kundiyang'ana ine.

Penti ya oyilo ndinaikhuthula chitini chonse kamodzi, kuti ndisavutike kawiri. M'mawa mwake ndinakhudza ndi chala, youma. Sindinakumbukire kuti phala limazizira pamwamba pomwe mkati muli moto.

Masana dzuwa lili paliwombo ndinakokera bafa lija m'kampanda ka udzu pansi pa mtengo wa nimu. Ndinavula, ndinakhalamo, ndinadzithira ndowa ziwiri, n'kugona chagada ngati bwana wa ku esiteti. Abale, kukoma kwake! Mpaka tulo tinandiba.

Podzuka ndinapeza kuti bafa landikonda. Msana, matako, ubweya wa m'miyendo, zonse zinamira mu penti. Ndikati ndisunthe, ululu wake ngati akundisosola wamoyo.

“Mayi a mwana!” ndinaitana chapansipansi. Zii. Anali atapita kuchigayo. Ndinakweza mawu, ndipo amene anayankha kuseri kwa mpanda anali munthu yemwe ngakhale panjira timapatukirana.

“Kwagwanji, akamwini?”

“Palibe, mayi. Ndikungoimba.”

“Nyimbo yake yomvetsa chisoni bwanji.”

Mwina ndikanapirira mpaka mkazi wanga abwere, koma mbuzi zinali zitamva fungo la madzi. Kwa izo bafa lija linali likadali lawo. Zinalowa zinayi, imodzi n'kuyamba kumwa pakati pa mawondo anga, ina n'kutola sopo. Tonde, pofuna malo, anakankha mzati womwe chiswe chinadya kale, mpanda wonse n'kugwa kuti phii.

Sindikudziwa komwe mphamvu zinachokera. Ndinadzuka kamodzin'kamodzi, phokoso lake ngati akung'amba chitenje chatsopano, ndipo ndinathamangira m'nyumba ndowa ili kutsogolo, kumbuyo kuli mbee. Apongozi anadziphimba kumaso ndi nsalu, koma mapewa awo ankagwedezeka. Madzulo anauza mwana wawo kuti iwo sanaone kanthu, ankangoti akamwini agula kabudula woyera.

Mkazi wanga anandichotsa pentiyo ndi palafini ndi kansanza mpaka nkhuku kulowa, akuseka mpaka misozi. Khungu linawawa ngati andithira tsabola. Sabata yonse ndinkanunkha ngati koloboyi, ndipo alamu anga ankachenjeza anthu pabawo kuti asayatse fodya pafupi nane.

Bafa linabwerera kukhola. Pansi pake pali chithunzi changa chomwe sindinajambulitse, ndipo ana a m'mudzi amabwera kudzaona “chidindo cha alamu”. Mabowo awiri ndinamata aja sakudontha mpaka lero, izi ndiye ndimanena paliponse. Lachitatu apongozi anatsekapo ndi chitsononkho.