Zikomo Laoshi, HSK 6 ija ndakhoza

Abale ndi anzanga, zotsatira za mayeso a HSK 6 zatuluka ndipo ndakhoza. Chaka chatha nthawi ngati ino ndinali nditatsekera mabuku anga onse a Chitchaina m'katoni, mtima utaneneratu kuti basi, apa ndi pomwe nzeru zanga zathera. Ndikuthokoza Mulungu pondisunga ndi moyo mpaka ndaona tsikuli. Ndikufunanso kuthokoza pagulu anthu amene anandigwira dzanja, makamaka mayi mmodzi amene sitinaonanepo maso ndi maso, ndimangowaona pa kompyuta. Dzina lawo sindilemba pano. Ndiwatchula monga ndimawatchulira masiku onse, Laoshi, kutanthauza kuti aphunzitsi.

Kwa amene simukuwadziwa mayesowa, HSK ndi chidule cha Hanyu Shuiping Kaoshi. Amayeza Chitchaina cha Mandarin kwa anthu amene sanabadwe nacho, ndipo mayunivesite a ku China amafuna satifiketi yake ngati ukufuna kukaphunzira maphunziro ophunzitsidwa m'Chitchaina. Pa nthawi imene ine ndinkalemba, pa HSK 4 unkayenera kudziwa mawu 1,200, pa HSK 5 mawu 2,500, pa HSK 6 mawu 5,000. Mukuona nokha kuti kuchoka pa 5 kufika pa 6 katundu ankawirikiza kawiri. Mayeso ake ali ndi mbali zitatu, kumvetsera, kuwerenga ndi kulemba, mbali iliyonse malikisi 100, onse pamodzi 300. Maphunziro amene ndikufuna kukachita amafuna 180 kapena kuposerapo.

Ulendo woyamba ndinakonzekera ndekha. HSK 4 ndi HSK 5 ndinazikhoza chomwecho, ndiye ndinkaona ngati njira ndi yomweyo: kuloweza mawu pa pulogalamu ya Anki m'mawa ndi madzulo, kufufuza matanthauzo mu dikishonale ya pa foni ya Pleco, kubwereza mapepala a mayeso akale. Mawuwo ndinawaloweza ndithu. Koma tsiku la mayeso nthawi inandithera mbali yowerenga ndisanafike kumapeto, ndipo mbali yolemba inandigwetsa pansi kwenikweni. Zotsatira zitabwera, 180 sinakwane. Sindinauze munthu kwa milungu ingapo. Manyazi.

Nditayamba kufuna mphunzitsi ndinkaganiza kuti ndi nkhani ya tsiku limodzi, popeza anthu oyankhula Chitchaina ndi ochuluka kwambiri ndipo ambiri amaphunzitsa pa intaneti. Zinanditengera miyezi. Woyamba anali munthu wansangala, tinkacheza ola lathunthu za nyengo ndi za ntchito, ndipo ankandiyamikira kuti Chitchaina changa ndi chabwino kwambiri. Ndinkatuluka m'phunzirolo mtima uli mbee, koma zolemba zanga sizinkasintha. Wachiwiri ankatsatira buku tsamba ndi tsamba, zimene ndikanatha kuchita ndekha. Wachitatu anandiuza moona mtima kuti pepala la HSK 6 sanalionepo. Onsewa sindikuwaimba mlandu, anandipatsa zimene anali nazo. Ine ndi amene sindinkadziwa chimene ndinkafuna. Kubadwa ndi chiyankhulo ndi kwina, kutha kufotokozera mlendo chifukwa chimene chiganizo chake chapotokera ndi kwinanso. Tonsefe tikamva wina akuti "anthu ziwiri" khutu limakana pompo, koma ndi angati a ife amene angamukhazike pansi mlendoyo n'kumulongosolera magulu a mayina ndi agwirizanitsi ake mpaka amvetse?

Safunsa anadya phula. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kulemba pa gulu lathu la ophunzira pa WeChat, pulogalamu yotumizirana mauthenga, kuti ndalephera ndipo ndasowa kolowera. Mlongo wina wa m'gulumo, amene anali atakhoza kale mayesowa, anandilembera pambali. Anandiuza kuti ndisafune munthu wocheza naye, ndifune munthu amene wachongapo zolemba za ophunzira a HSK 6, ndipo ndikamupeza ndimupemphe kuti phunziro loyamba likhale lochonga ntchito yanga, ndione ngati angathe kundiuza dzina la cholakwa changa. Kenako anandilumikiza ndi aphunzitsi ake. Achemwali, mukudzidziwa nokha. Uthenga wanu uja ndinausunga.

Phunziro loyamba ndi Laoshi silinali la macheza. Titangopatsana moni anaika nkhani pa kompyuta n'kutchera wotchi. Umu ndi mmene mbali yolemba ya HSK 6 imakhalira, ndipo amaitcha suoxie, kufupikitsa. Amakupatsa nkhani ya zilembo pafupifupi 1,000, uiwerenge kwa mphindi 10 osalemba kanthu kalikonse, kenako amaichotsa. Ukatero uli ndi mphindi 35 zoti uilembenso kuchokera m'mutu mu zilembo pafupifupi 400, uipatse mutu wako, ndipo usaikemo maganizo ako. Ndinalemba, ndinatumiza. M'mawa mwake pepalalo linabwerera litafiira.

Anandiuza zinthu ziwiri zimene palibe anali atandiuzapo. Choyamba, ndinkayesa kuloweza ziganizo za wolemba nkhaniyo, ndiye chiganizo chimodzi chikandithawa zonse zinkagumuka. Anati ndigwire mafupa a nkhani: ndani, liti, kuti, chinayamba n'chiyani, chinasintha n'chiyani, zinatha bwanji. Mnofu ndiike wanga, ndi mawu osavuta amene ndikutsimikiza kuti ndiwalemba molondola. Mphindi zomaliza pa 10 zija ndizigwiritse ntchito poyang'anitsitsa mayina a anthu ndi manambala, chifukwa zimenezo sungazipeke. Chachiwiri, kumapeto kwa nkhani iliyonse ndinkawonjezera phunziro langa la moyo. Apa anandiphunzitsa chining'a cha zilembo zinayi, mwa zija amazitcha chengyu: hua she tian zu, kujambula njoka n'kuiika miyendo. Chimachokera ku nthano ya anthu amene anapikisana kujambula njoka pansi kuti womaliza msanga atenge mphotho. Amene anatsogola anaona kuti nthawi ilipo, n'kuyamba kuwonjezera miyendo, ndipo mphothoyo inapita kwa wina chifukwa njoka ilibe miyendo. Kuyambira tsiku limenelo, ndikawonjezera zanga pa chifupikitso, Laoshi ankangolemba m'mphepete zilembo zinayizo.

Ndiye panali bingju, ziganizo zodwala. Amene mwalembapo HSK 6 mukudziwa ululu wake. Ndi mafunso 10 oyambirira pa mbali yowerenga: ziganizo zinayi zazitali, chimodzi chili ndi vuto, uchipeze. Ulendo woyamba ndinataya mphindi zambiri pamenepa, pomwe mbali yonseyo ili ndi mafunso 50 m'mphindi 50. Laoshi anandiuza kuti ndizizisiya kaye, ndiyambe ndi zimene ndingakololepo malikisi, ndibwerere nthawi ikatsala. Koma sanandisiye chomwecho. Anandionetsa kuti matenda a ziganizozi ndi owerengeka ndipo amabwerabwera. Chiganizo chikayamba ndi tongguo, kutanthauza kudzera mu, kenako pakati pabwere shi, kuchititsa, kawirikawiri mwininkhani wasowa. Ukaona dayue kutsogolo kwa nambala ndi zuoyou kumbuyo kwake, wolembayo wanena "pafupifupi" kawiri. Ukaona fangzhi, kutanthauza kupewa, pamodzi ndi mawu okana, chiganizocho chikunena zosemphana ndi zimene chimafuna kunena. Anandiphunzitsa kuvula chiganizo zokongoletsa zonse mpaka patsale mwininkhani, mneni ndi pamtherankhani, kenako ndione ngati zitatuzo zikugwirizana. Anandiuzanso kuti ndikhale ndi kope la zolakwa zokhazokha, limene ana a sukulu a ku China amalitcha cuotiben. Funso lililonse lomwe ndalakwa ndinkalikopera mmenemo, ndi chifukwa chake m'munsi. Loweruka lililonse tinkayambira m'kope limenelo. Pamene ndinkalowa m'mayeso ndinali nditadzaza makope awiri.

Pa kumvetsera, zonse zimaseweredwa kamodzi kokha, ndipo pali macheza aatali a mtolankhani ndi mlendo wake amene amathamanga ngati pa wailesi. Anandizoloweretsa kuponya maso pa mayankho mawuwo asanayambe. Tsiku lina, akundikonza pa mawu a Chitchaina akuti mai, kugula, ndi mai, kugulitsa, amene amasiyana pongotsitsa kapena kukweza mawu, ndinawauza kuti ifenso tili nazo: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa malonda, khungu la pathupi ndi khungu la maso. Anasangalala kwambiri, n'kundipempha kuti ndibwereze kangapo mpaka nawonso atamva kusiyana kwake. Anati khutu ndili nalo kale, chongofunika n'kulikhulupirira.

Ndi iwonso amene anandilangiza kulemba mayeso a pa kompyuta m'malo mwa a papepala, ataona kuti dzanja langa limachedwa ndipo zilembo zina zimandithawa ndikangogwira cholembera. Anati ngakhale eni chiyankhulo zimawachitikira masiku ano, mpaka pali mawu ake, tibi wangzi. Koma anandichenjeza kuti polemba ndi pinyin, kalembedwe ka Chitchaina m'zilembo zathu zino, kompyuta imakupatsa zilembo zambiri zomveka chimodzimodzi, ndipo ukathamanga usankha cholakwika. Zilembo zitatu zimene zonse zimatchulidwa de tinalimbana nazo mwezi wathunthu.

Chimene chandichititsa kulemba zonsezi si luso lawo lokha. Pakati pa ulendowu bambo anga anadwala kwambiri, ndipo ndalama imene ndinkalipirira maphunziro inapita kuchipatala. Ndinalembera Laoshi kuti ndiyamba ndaima. Anandiyankha kuti maphunziro a pa kompyuta tingawaimitse, koma chifupikitso chimodzi pa mlungu ndizitumizabe, azichonga, za malipiro tidzakambirana bambo akachira. Kwa miyezi iwiri ndinkalemba nditakhala pa benchi ya m'chipatala, ndipo pepala lililonse linkabwerera litachongedwa mzere ndi mzere monga kale. Chifukwa cha kusiyana kwa nthawi, kawirikawiri kwawo kunkakhala kuli usiku. Pamwamba pa pepala lililonse ankayamba ndi kufunsa kuti bambo adzuka bwanji. Bambo anachira, ndipo ndi iwo amene ndinayamba kuwaimbira foni zotsatira zitatuluka.

Kwa akazi anga, zikomo posenza za pakhomo pamene ine ndinali nditadzitsekera ndi mahedifoni, komanso pondigwirira wotchi ya mphindi 10 ngakhale simumva liwu limodzi la Chitchaina. Munkandilanda pepalalo nthawi ikakwana, ndikapempha mphindi imodzi yokha munkakana, ndipo munkachita bwino. Kwa anzanga a pa gulu lija, zikomo chifukwa nditaulula kuti ndalephera palibe anandiseka, ena anayamba kuulula zawo. Amene mukulembanso ulendo ukubwerawu, makope anga awiri aja ndiwajambula ndiwaike pa gulu.

Zotsatirazi zimagwira ntchito zaka ziwiri pofunsira malo ku yunivesite, choncho mafomu ndayamba kale kulemba. Laoshi nawo sanandipatse mpata wopuma nthawi yaitali. Andikumbutsa kuti kuyambira mu 2021 dziko la China linakhazikitsa muyezo watsopano wa magawo 9, ndipo pamwamba pa 6 pali mayeso a HSK 7-9 amene ali ndi kumasulira ndi kuyankhula komwe. Ndawapempha kuti tiyambe ndi HSKK, mayeso oyankhula, ndipo avomera.

Laoshi, uthengawu ndiumasulira ndekha m'Chitchaina n'kukutumizirani, ndipo ndikudziwa kuti ubwerera uli ndi zofiira. M'chiyankhulo chanu muli ni ndi nin, monga ife tili ndi iwe ndi inu. Munandiuza kangapo kuti tazolowerana, ndikhoza kumangoti ni. Pepani, pamenepa pokha sindikumverani. Xiexie nin, Laoshi. Zikomo kwambiri.