Timadzutsa makina akale ndi tchipi ta miyendo 20

Bizinesi yathu ndi ya anthu atatu: ine, mng'ono wanga, ndi mtsikana wina amene dzanja lake silinjenjemera powotcherera. Timakonza mabolodi a zamagetsi oyendetsa makina akale a m'mafakitale, aja amene opanga ake anasiya kalekale kutumiza zosinthira.

Poyamba tinkangosintha ma capacitor (tizipangizo tosunga magetsi) ofufuma ndi tchipi wamba ta mtundu wa 7400 topsa. Koma mabolodi ambiri ankatikanika chifukwa cha kachipi kamodzi kolembedwa PAL16L8. Ma PAL, tchipi tomwe wopanga makina amaikamo yekha malamulo a kagwiridwe ka ntchito, anayamba kupangidwa ndi kampani ya Monolithic Memories mu 1978. M'kati mwake muli timafyuzi tomwe amawotcha kamodzi kokha poikamo malamulo a AND ndi OR (onena zomwe kachipi katulutse malinga ndi zomwe zalowa), ndiye kugula katsopano n'kusomeka sikuthandiza, kamabwera kopanda kanthu. Kuwonjezera apo, opanga makina ambiri ankawotchanso fyuzi yotsekera kuti wina asakopere.

Ndalama yathu inagona pamenepo. Timapempha mwini makina atibwereke bolodi lina lomwe likugwirabe ntchito, timazula kachipi kamoyo n'kukapatsa 0 ndi 1 m'njira zonse zotheka. Miyendo 10 yolowetsera imapereka njira 1,024, ndipo ikakhala kuti miyendo ina 6 nayonso ikulowetsa, zimafika 65,536. Kompyuta sichedwa nazo. Zotulukazo timazilemba m'chinenero cha pakompyuta cha CUPL, timapanga fayilo ya JEDEC (yosunga malamulo oikidwa m'kachipi), kenako timailowetsa m'kachipi katsopano ka ATF16V8 ka kampani ya Microchip. Kameneka n'kamtundu wa GAL, wolowa m'malo mwa PAL, umene kampani ya Lattice inatulutsa mu 1985: kamafufutika n'kulembedwanso, komanso kamayendera magetsi a mavoti 5 (5V) monga tchipi takale tija.

Zoumitsa mutu ndi tchipi zokhala ndi ma register (timalo tosungira 0 kapena 1), monga PAL16R4. Zimenezi zimakumbukira zomwe zinalowa kale, choncho funso lomwelo likhoza kuyankhidwa mosiyana malinga ndi pomwe koloko, chizindikiro chamagetsi choyendetsa masitepe a kachipi, yafika. Ntchito yotere sitilonjeza tsiku lomaliza, ndipo makasitomala ena sasangalala nazo.

Ena amatifunsa kuti bwanji osangoikamo FPGA, tchipi yamakono yolembedwanso yomwe imatha ntchito zazikulu kwambiri. Ine sindiiona nzeru yake pa ntchito ya ma gate (tizigawo ta AND ndi OR) ochepa chonchi. FPGA zambiri za masiku ano sizipirira 5V, zimafuna tchipi tina totsitsa mphamvu ndi bolodi latsopano. Timapita ku CPLD, yomwe ili ngati ma PAL angapo m'tchipi imodzi, pokhapokha ma PAL angapo akafera pamodzi.

Fyuzi yotsekera ife sitiiwotcha. Kasitomala amatenga bolodi lake, kachipi kena kapadera, ndi fayilo ya JEDEC pa fulashi, ngakhale mng'ono wanga amanyinyirika kuti tikudzichotsera tokha ntchito ya mawa.